Botolo Lovala Chitenje

1. Pansi pa mtengo wa mango

Chaka chimene Lefina Lemani analowa Fomu 2, chuma chake chonse pa dziko lino chinali mnzake mmodzi. Dzina lake anali Dyna.

Lefina anali mwana wa matenanti. Makolo ake anachoka ku Phalombe kudzalima fodya pa esiteti ya a Mphepo, cha kuno kwa Simlemba. Atangofika, ana a m'midzi yozungulira ankamuseka kayankhulidwe, ankamusekanso manja, poti nthawi yothyola fodya zikhatho zake zinkada bii ndi phula la masamba. Dyna yekha, mwana wa mayi wamasiye wogulitsa tomato pa msika, ndi amene anamusendera pa benchi n'kunena kuti, "Khala apa, aise. Asiye amenewo."

Kuyambira tsiku limenelo awiriwa anali osasiyana. Belu la buleki likalira ankathamangira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kalasi. Lefina ankamasula kansalu kake: lero mbatata yootcha, mawa chimanga chachiwisi, mkuja mtedza wophika. Dyna ankabweretsa mchere ndi nkhani. Akatha kudya ankapita pa mjigo, wina kupopa, wina kumwa ndi manja, kenaka n'kusinthana.

Ndiye kunabwera Goodness.

Goodness anali mwana wa a Mphepo eni esiteti. Ankaphunzira sukulu yogonera konko ku Lilongwe, koma makolo ake anamubweza chifukwa ankangodwaladwala. Tsiku loyamba anatsika m'galimoto ya bambo ake ndi chikwama chonenepa ngati akupita ku ulendo. Pa buleki anatsegula. Abale inu! Mabisiketi, maswiti, tchipisi za m'mapaketi, ndiponso botolo lofiirira la chivundikiro chosindikiza, lodzaza ndi chakumwa chotsekemera chochita thovu.

"Kodi kuno mumamwa madzi ndi manja?" Goodness anafunsa ataona anthu pa mjigo. Sanafunse monyoza ayi, anangodabwa. Koma m'makutu mwa Lefina funsolo linalowa ngati chitsotso cha chimanga.

Sabata isanathe, Dyna anayamba kuchedwa kufika pa mtengo wa mango. Sabata yachiwiri anafika milomo ili yofiira ndi chakumwa chija. Sabata yachitatu sanafike n'komwe. Lefina anakhala yekha ndi mbatata ziwiri pa miyendo, akuyang'ana Dyna pa khonde la kalasi atapendeketsa botolo lofiirira pakamwa, akuseka ndi Goodness kuseka kumene kale kunali kwa iye yekha.

Poweruka anamudikira pa msewu.

"Dyna, ndinakusungira mbatata."

"Iii, pepa aise, ndakhuta," Dyna anayankha akudzisisita pamimba. "Mawa ubwere tidzakhale tonse pa khonde. Goodness alibe vuto, ndi munthu wabwino."

"Ndibwere ndi chiyani? Mbatata ya m'phulusa?"

"Nanga ali ndi kanthu?"

Lefina ataona kuti Dyna wakhota njira ya ku msika, anaponya mbatata zonse ziwiri m'munda wa fodya wa eni ake. Mtima unkamuwawa, ndipo tinene zoona, inali nsanje basi.

2. Mawu a mayi

M'mawa mwake Lefina anasiya kansalu ka chakudya pa khonde mwadala. Tsiku lotsatira anachitanso chomwecho. Ankapita ku sukulu m'mimba muli pululu, n'kumakhala m'kalasi nthawi ya buleki ngati akuwerenga.

Mayi ake sanali munthu womubisira kanthu. Madzulo a Lachisanu, akusoka fodya m'chigafa, chisakasa chachitali chija choumitsiramo masamba, anamuyang'ana ndi diso la pambali.

"Kodi mbatata zanga zayamba kukuyabwa pakhosi?"

"Ayi, amayi. Kungoti anzanga sadya zimenezo."

"Anzako ake ati?"

Lefina anawerama. Kenaka zonse zinatuluka ngati madzi: za mabisiketi, za botolo lofiirira, za Dyna amene tsopano sankamuonanso.

Mayi ake anaika singano pansi.

"Tamvera, mwana wanga. Ine kunyumba kwa abwana ndimapitako kukachapa Loweruka lililonse, ndiye ndikukuuza zimene ndinaona ndi maso anga. Mwana ameneyo m'mawa sadya kanthu. Phala akuti limamunyansa, masamba akuti ndi chakudya cha mbuzi, madzi akumwa akuti sakoma. Tsiku lonse ndi zotsekemera zokhazokha. Mayi ake amachita kulira naye. Mwezi wathawu anapita naye ku Boma kukamuzula dzino, lachiwiri limenelo, mwana wa zaka khumi ndi zisanu! Akayenda kuchoka pa khonde kufika pa geti, wayamba kale wefuwefu. Tsono iwe taona mano ako. Taona miyendo yako, imene imayenda mtunda wonsewu m'mawa ndi madzulo osadandaula. Ukuganiza kuti inakula ndi chiyani? Ndi mbatata zomwe ukutayazo, ndi nyemba, ndi nkhwani. Sindikunena kuti umphawi ndi wokoma, ayi, umawawa, ine ndikuudziwa kuposa iwe. Koma usachite manyazi ndi chinthu chimene chikukupatsa mphamvu. Ndipo mnzakoyo, ngati ndi mnzako weniweni, adzabwera yekha zikamukwana."

Lefina anamva mawu onsewo, koma analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Chimene chinatsala m'mutu mwake ndi chakuti Dyna amakonda thobwa la mayi ake a Lefina kuposa chakumwa chilichonse. Ankachita kunyambita kapu akabwera kudzacheza.

"Amayi, Lamulungu mudzaphike thobwa."

"Tsopano ndiye wayankhula," mayi ake anaseka. "Chimera chilipo."

Thobwa linapezeka. Koma nanga akalitengera m'chiyani? Botolo limene linali m'nyumba mwawo linali limodzi, lakale la mafuta ophikira, lophwanyika m'mbali, lotsekera ndi chitsononkho. Kuliika limenelo pafupi ndi lofiirira lija? Lefina anaona kuti bola kufa.

3. Dzenje la mabotolo

Loweruka m'mawa, a Lemani, bambo ake a Lefina, anapatsidwa ntchito ndi abwana. Mabotolo onse otha a mankhwala opopera nsabwe za fodya anayenera kubooledwa ndi kukwiriridwa. A Mphepo ankakhulupirira a Lemani yekha pa ntchito imeneyi chifukwa anali munthu wosamala.

Lefina anawapititsira madzi akumwa ku dzenje, kuseri kwa zigafa. Atafika anaima chilili. Pa thumba panali mabotolo oyera mbee, olimba, osaphwanyika ngakhale pang'ono. Lililonse linali ndi chivundikiro chobiriwira chopotokola komanso chogwirira chake m'mbali. Kunena zoona, anali okongola kuposa la Goodness.

"Ababa, onsewa mukuwataya?"

A Lemani anali atavala majumbo m'manja m'malo mwa magolovesi. Anatenga botolo limodzi, n'kulibaya ndi msomali waukulu katatu, n'kuliponya m'dzenje. Kenaka anatembenuka.

"Bwerera m'mbuyo, uime uko kochokera mphepo. Ndaona mmene ukuwayang'anira, ndiye ndikuuze lero kuti usadzanene kuti sunamve. Botolo ili ndi lokongola, inde, koma silitha kuyera. Ungalitsuke ndi sopo, ungalitsuke ndi phulusa, ungaliike pa dzuwa mwezi wathunthu, poizoni amakhala atalowa m'thupi mwake. Chaka choyamba chimene tinabwera kuno, pa esiteti ina kutsidya kwa dambo, panali tenanti mnzathu wa kwathu komwe. Mkazi wake anatenga botolo ngati ili, analitsuka bwinobwino, n'kumasungiramo mchere. Mchere wokha! Banja lonse linagona m'chipatala, ndipo kamwana kawo kakang'ono sikanabwerere kunyumba. Ine ndinanyamula nawo bokosi lake, linali lopepuka ngati mulibe kanthu. N'chifukwa chake ndimabaya katatu, osati kamodzi. Anthu amandiseka, amati Lemani akuononga zinthu zabwino. Aseke. Ife osauka timaona chilichonse ngati chiwiya, ndipo n'zimene zimatipha. Wandimva?"

"Ndamva, ababa."

Nthawi yomweyo kunagunda bingu cha kumpoto. Kumwamba kunada, ndipo kapitawo anayamba kukuwa kuti aliyense athamangire kukalowetsa fodya amene anali panja. Mvula ya mu Febuluwale sichenjeza kawiri.

"Usakhudze kanthu!" a Lemani anatero akuthamanga.

Lefina anatsala yekha ndi mabotolo anayi osaboola. Anayang'ana uku ndi uku. Anatola limodzi, n'kulibisa m'chitenje, n'kuyenda ngati munthu wosalakwa.

Madzulo mvula itakata, analowa nalo ku bafa ya udzu kuseri kwa nyumba. Anamatula pepala lonse la pa botolo, lija lokhala ndi dzina la mankhwala ndi chithunzi cha chigaza, n'kulipinda, n'kulisomeka mkati mwa udzu wa mpanda kuti wina asalione. Anathiramo mchenga ndi madzi, n'kukhutchumula. Anathiramo phulusa, n'kukhutchumulanso. Anamaliza ndi kachidutswa ka sopo. Ananunkhiza. Kunkamveka sopo yekha.

"Ababa amangoopa zilizonse," anadziuza.

Chimene sanaone n'chakuti chogwirira chija chinali chobooka mkati, ngati kampopi kopindika. Mchenga sunafikemo, phulusa silinafikemo. M'menemo munali mutakhala timadontho toundana ta mankhwala.

Lamulungu pochoka ku tchalitchi anatenga chidutswa cha chitenje cha maluwa achikasu. Analisokera botolo lija chovala chothina bwino kuyambira pansi mpaka m'khosi, anakulunga chogwirira, anakuta ndi chivundikiro chomwe, n'kulumikiza kachingwe kolikolekera pa phewa. Lefina anali ndi luso la singano, zimenezo tisamumane. Ngakhale mlimi wa fodya wa zaka makumi atatu sakanalizindikira.

4. Tsiku la Lefina

Lolemba m'mamawa, makolo ake atapita kale ku munda, Lefina anathira thobwa m'botolo mpaka pakamwa. Linali lofunda, poti mayi ake analisiya pafupi ndi moto. Analawa pang'ono. Kumapeto kwa lilime kunamveka kakuwawa kachilendo. Anaima kanthawi. Kenaka anatapa shuga wa tiyi wa bambo ake, n'kuthiramo, n'kukhutchumula mwamphamvu. Thobwa linazungulira paliponse, mpaka m'chogwirira muja.

Sanamwenso. Lonselo linali la Dyna.

Belu la buleki litalira, sanapite ku mtengo wa mango. Analunjika pa khonde, botolo likulendewera pa phewa, akuyenda pang'onopang'ono kuti aliyense aone.

"Eee! Lefina, walitenga kuti?" mtsikana wina anakuwa.

"Anandigulira amalume ku Boma," Lefina ananama osaphethira.

Atsikana anamuzungulira. Wina ankasisita chitenje, wina ankayesa kachingwe pa phewa pake. Botolo lofiirira linali pa khonde lokhalokha, palibe woliyang'ana. Ha! Mtima wa Lefina unachita kuvina.

"Muli chiyani?" Dyna anafunsa.

"Thobwa la amayi. Lija umalikonda lija."

Maso a Dyna anawala. "Aise, sukunama? Ndinalisowa bwanji! Zotsekemerazi zayamba kundiwawitsa m'mimba."

Goodness nayenso anasendera pafupi. Tsaya lake lina linali lotupa pang'ono, ndipo ankayankhula atagwira chibwano.

"Ine thobwa sindinalaweko chiyambire," anatero mwamanyazi. "Amayi amati limapatsa mphamvu. Ungandigawireko pang'ono? Ndikupatsa mabisiketi onsewa."

Apa ndi pamene nsanje inamaliza ntchito yake. Mtsikanayo anapempha mwaulemu, anthu onse akumva. Lefina akanatha kungomwetulira. Koma anakweza mphuno.

"Pepani, abwana aang'ono. Ili ndi thobwa la matenanti, lingakudetseni m'kamwa. Imwani zanu zomwezo za thovu."

Atsikana ena anaseka. Goodness anabwerera m'mbuyo, misozi ili lengelenge, n'kukakhala yekha kumapeto kwa khonde.

"Lefina, sunachite bwino," Dyna ananong'ona.

"Ukufuna kapena sukufuna?"

Dyna anayang'ana Goodness, anayang'ana botolo. Kenaka anatsatira Lefina ku mtengo wa mango. Anakhala pa muzu wawo wakale. Dyna anapendeketsa botolo, n'kumwa, n'kupuma, n'kumwanso.

"Lero likuwawira pang'ono," anatero akupukuta pakamwa.

"Ndi chimera chatsopano."

"Iwe sukumwa?"

"Ndamwa kale kunyumba. Maliza."

Dyna anamaliza lonse, mpaka anagogoda pansi pa botolo kuti masese atsike. Anaseka, anamukumbatira mnzake m'khosi, n'kunena kuti, "Yewo chomene, zikomo kwambiri, aise. Mawa tidzakhale konkuno." Lefina anali asanasangalalepo choncho chaka chonsecho.

5. Phunziro limene silinathe

Atalowa m'kalasi, aphunzitsi a sayansi, mayi Fyness, anayamba kulemba pa bolodi. Sipanapite nthawi yaitali, Dyna anagoneka mutu pa desiki.

"Dyna, kuno si kogona," mayi Fyness anatero osatembenuka.

"Madamu, mutu. Ndiponso sindikuona bwino pa bolodi."

Lefina anamuyang'ana. Thukuta linali kuyenderera pa nkhope ya Dyna ngati wanyowa ndi mvula, chonsecho kunja kunali kamphepo. Malovu ankatuluka pakamwa osaletseka. Anayesa kuimirira kuti atuluke, koma miyendo inakana. Anagwa pakati pa madesiki n'kuyamba kusanza.

Kalasi yonse inasokonekera. Ena ankakuwa kuti ndi kolera, ena ankati ndi khunyu, ena anathawira panja. Mayi Fyness anagwada, n'kumugoneka chammbali, n'kumutsegula chikope. Kadontho kakuda ka m'diso kanali katachepa ngati kambewu ka fodya. Minofu ya m'masaya inkanjenjemera yokha.

"Mwana uyu wadya chiyani?"

Lefina anakankhira botolo pansi pa desiki ndi phazi. Nayenso mutu unali utayamba kumuwawa, koma sanadziwe ngati ndi kulawa kuja kapena mantha.

"Tipeze njinga msanga!" mayi Fyness anakuwa.

"Pa njinga sangakhale, madamu."

Amene anayankhula anali Goodness. Anapisa dzanja m'chikwama, pansi pa mabisiketi, n'kutulutsa foni. Mafoni ndi oletsedwa pa sukulu, ndipo aliyense ankadziwa chilango chake. Goodness sanasamale zimenezo. Anaimbira bambo ake akulira.

"Adadi, bwerani ndi galimoto pompano. Mnzanga akufa."

A Mphepo anali pafupi, pa sitolo ya feteleza. Anafika fumbi lili koboo. Ananyamula Dyna n'kumugoneka kumbuyo kwa galimoto pa miyendo ya mayi Fyness. Akuti azinyamuka, Dyna anatambasula dzanja.

"Lefina," anaitana ndi mawu ofooka. "Lefina abwere."

Sanaitane Goodness. Anaitana Lefina. Chinthu chimene Lefina anachilakalaka masabata atatu chinabwera, koma chinabwera moopsa. Anakwera, n'kugwira dzanja lozizira la mnzakeyo. Goodness anathamangira m'kalasi kukatenga zikwama za onse awiri, ndipo poona botolo la chitenje pansi pa desiki, analitolanso poganiza kuti mwini wake angalisowe, n'kukwera nawo m'galimoto.

6. Funso la adokotala

Pa chipatala chaching'ono cha m'deralo, adokotala anangoyang'ana maso a Dyna ndi malovu aja, n'kuitanitsa jakisoni. Anamubaya, anamuika diripi. Mayi ake a Dyna anafika akuthamanga kuchokera ku msika, opanda nsapato, manja ali pamutu.

Dyna sanalole kusiya dzanja la Lefina. Ngakhale maso anali otseka, zala zake zinali zitakola zolimba.

Adokotala anatembenukira onse amene anali m'chipindamo.

"Tamverani bwino. Uyu si kolera, si malungo. Mwanayu wamwa mankhwala a m'munda. Chaka chilichonse nyengo ino timalandira anthu otere. Ndamubaya jakisoni woyamba, koma mankhwala a fodya alipo a mitundumitundu, ndipo chothandiza pa mtundu wina sichithandiza pa unzake. Ndikatumiza mwanayu ku chipatala chachikulu, akandifunsa dzina. Ndikufuna botolo lake, kapena pepala lake. Sindine wapolisi, sindikufuna kudziwa wolakwa. Ndikufuna dzina basi, ndipo ndikulifuna tsopano. Amene akudziwa kanthu n'kukhala chete, adziwe kuti akumuchotsera mwanayu mpweya."

"Mwana wanga sangamwe mankhwala!" mayi ake a Dyna analira. "Ine sindilima fodya, m'nyumba mwanga mulibe zimenezo. M'mawa wachoka akuseka!"

"Pa buleki wadya chiyani?" adokotala anafunsa.

Goodness anayang'ana Lefina. Akanatha kuloza chala, poti ananyozedwa pamaso pa anthu tsiku lomwelo. Koma anangofumbata botolo m'manja, iyenso osadziwa chimene wanyamula.

Lefina ankadziwa zonse. Ankadziwa kuti akayankhula, bambo ake, amene anapatsidwa ntchito yoboola mabotolo, aimirira pamaso pa abwana. Tenanti akachotsedwa pa esiteti fodya ali m'chigafa, amachoka ndi mphasa yokha. Ankadziwanso kuti dzanja limene lamugwirali mwina silidzamugwiranso.

Pakhosi pa Dyna panamveka kolokolo. Chifuwa chinakwera movutikira.

"Ndi ine," Lefina anatero.

Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anabwereza mokweza.

"Ndi ine, adokotala. Wamwa thobwa la m'botolo ilo. Si la ku Boma ayi. Ndinalitenga pa dzenje la ku esiteti. Ndinalitsuka, ndithu ndinalitsuka! Pepala lake lili kwathu, ndinalisomeka mu udzu wa bafa."

A Mphepo analanda botolo m'manja mwa mwana wawo. Anang'amba chitenje cha maluwa achikasu ndi dzanja limodzi. Botolo linatsala loyera mbee, chivundikiro chobiriwira, lopanda bowo ngakhale limodzi. Anayang'ana Goodness, amene m'mawa womwewo anapempha kuti amweko.

Mayi ake a Dyna sanakuwe. Anayandikira bedi, n'kuyamba kumasula zala za mwana wawo pa dzanja la Lefina, chimodzichimodzi, mpaka chomaliza.

"Choka pafupi ndi mwana wanga," anatero motsitsa.

Kumenya kukanakhala bwino. Lefina anaima pakati pa chipinda, dzanja lili m'malere, likuzizira.

"Thamangani mukatenge pepalalo," adokotala analamula. "Ambulansi ikamafika likhale lili pano. Ndipo mtsikanayu mubwere naye, ndimuonenso iyeyu."

"Kwera," a Mphepo anauza Lefina.

Njira yonse galimoto inkadumpha m'maenje, minda ya fodya ikudutsa mbali zonse ziwiri. Botolo linali pa mpando pakati pawo, likugubuduka uku ndi uku. Atatsala pang'ono kufika, a Mphepo anafunsa funso limodzi lokha.

"Paja bambo ako ndani?"

"A Lemani."

A Mphepo anangogwedeza mutu.

Galimoto inakhota pa geti ya esiteti. Kutsogolo kwa chigafa kunali a Lemani, atanyamula fodya wosoka pa phewa. Ataona galimoto ya abwana anatsitsa katundu wawo, anavula chipewa, n'kuyamba kuyandikira akumwetulira monga mwa masiku onse. Kenaka anaona mwana wawo pa mpando wa kutsogolo, nthawi ya sukulu. A Mphepo anatsitsa galasi, n'kutulutsa botolo lija pa windo, lopanda bowo ngakhale limodzi, n'kuwaonetsa.

Chipewa chinagwa m'manja mwa a Lemani.